Jekete la Amake Harim

Mumsika wa ku Maegok, ukadutsa mzere wa ogulitsa nsomba zouma n'kukhotera kumene kumanunkhira mafuta a chitowe, upeza kachipinda koti munthu atatambasula manja akhudza zipupa zonse ziwiri. M'menemo Seol Malsun wakhala akupinda mathalauza a anthu kwa zaka makumi anayi. Zovala zatsopano sasoka. Ntchito yake ndi kuchepetsa, kufupikitsa, kusintha zipi ndi kuika zigamba. Akangokuyang'ana kamodzi wadziwa kale kuti chaka chino wanenepa ndi zala zingati, ndipo sakubisira. Enafe tikadya bwino timazungulira njira ina.

Anabadwa wachisanu m'banja la ana aakazi okhaokha, bambo ake atatopa kale ndi kumva mzamba akunena zomwezomwezo. Patapita zaka zisanu ndi zitatu kunabadwa mnyamata, Gicheol, ndipo m'nyumbamo ena onse anasanduka antchito ake. Makolo anamusiyitsa Malsun sukulu ali ndi zaka khumi ndi zinayi, n'kumukweza sitima ya ku Seoul kukasoka m'mafakitale, kuti mlongo wakeyo adzaphunzire. Kumeneko ankagwira ntchito m'chipinda chotsika denga choti sungaimemo chilili, fumbi la nsalu likumulowa m'chifuwa. Anabwerako ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu, atanyamula makina osokera ndi chifuwa chosatha. Ofunsira ukwati analipo awiri. Wina anali chidakwa, winayo ankafuna wosambitsa amayi ake, ndipo pamene Malsun ankati aganize bwino, nthawi inali itamupitirira. Gicheol wophunzitsidwa ndi thukuta lakelo sanapite patali ndi sukulu. Anathera m'boti la asodzi ngati anyamata ena onse a kuno.

Gicheol anakwatira mochedwa, mtsikana wa kufakitale ya nsomba dzina lake Miran, wamng'ono kwa iye ndi zaka khumi ndi zitatu. Anabereka mwana wamkazi, Harim. Mwanayo ali ndi zaka ziwiri, boti linatembenuka ndi mkuntho, ndipo mtembo wa Gicheol unapezeka patatha masiku asanu ndi anayi. Miran anapirira chaka chimodzi. Kenako tsiku lina la msika anafika ndi mwanayo ndi kachikwama ka zovala, nati, "Alamu, ndikupita kukafuna ntchito. Ndidzamutenga pa chikondwerero cha zokolola." Zikondwerero za zokolola zinadutsa khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Harim anakulira pansi pa tebulo la makina, akusewera ndi tizidutswa ta nsalu. Mlembi wa ku ofesi ya tauni, munthu wachifundo, anauza Malsun kuti angathe kumulembetsa mwanayo m'kaundula wa banja ngati wake. Malsun anakana. "Ndikamulemba ine, ndiye kuti Gicheol sanasiye kanthu pa dziko lino. Komanso akadzakula, apongozi ake adzatsegula pepalalo n'kuona mwana wa mkazi wosakwatiwa. Ayi, akhale wa bambo ake." Kuno anthu amawerenga pepala asanayang'ane nkhope, ndipo iye ankadziwa zimenezo.

Ngakhale tsiku limene kamwanako, kali ndi zaka zinayi, kanamukoka siketi pakati pa msika n'kuitana kuti "Amayi!", Malsun anagwada n'kukagwira m'mapewa. "Ine ndine azakhali ako. Amako alipo. Mako ndi mako angachepe mwendo, wamva?" Analankhula ndi pakamwa pokha. Mumtima ankadalira kuti mwanayo aiwala lamulolo mawa lake lomwelo, monga ana amachitira ndi malamulo onse. Koma tsoka lake, anali akulera mwana womvera. Harim sanabwerezenso, ndipo Malsun, ndi kuuma mutu kwake kuja, sakanatha kupempha chinthu chimene anachiletsa yekha. Liwu limenelo analilakalaka zaka zonsezo, mwakachetechete.

Za ndale zinayamba ndi mabasi. Harim ali m'kalasi lomaliza la sekondale, akuluakulu anachotsa mabasi a m'mawa ochokera kumidzi ya kumapiri, ati sankadzaza. Agogo obwera ndi bowa ndi ndiwo zamasamba anasiya kuoneka mumsika, ndipo mmodzi anaphonya masiku ake a kuchipatala mpaka anamwalira. Harim anadula katoni, analembapo mawu, n'kumaima yekha pa geti la ofesi ya boma m'mawa uliwonse asanapite kusukulu, chipale chofewa chikumugwera pamutu. Anaima miyezi iwiri. A wailesi yakanema anabwera, ndipo ena mwa mabasiwo anabwerera. Patapita zaka ziwiri, lamulo litalola achinyamata kupikisana nawo pa zisankho, a chipani china amene ankasowa nkhope yatsopano anamupempha kuti aimire Maegok m'nyumba ya malamulo ya chigawo chathu. Anali ndi zaka makumi awiri.

"Iwe," anatero Malsun osachotsa phazi pa makina, "batani lenilenili sutha kuika. Malamulo ukawasoka ndi chiyani?"

"Azakhali, madala akhala kumeneko zaka makumi awiri aja, mabatani amatha?"

"Ali ndi akazi awo."

"Inenso ndili ndi inu."

Malsun anatsonya. Koma tsiku lomwelo anatseka msanga, n'kukamugulira nsapato zofewa zoti azitha kuima nazo tsiku lonse.

Chisankho kuno chimachitikira pa mphambano. Kwa masiku khumi ndi atatu, kuyambira m'mamawa, wopikisana amaima m'mbali mwa msewu atavala jekete la mtundu wa chipani chake, akuweramira galimoto iliyonse yodutsa, ngakhale yonyamula nkhumba. Abale ake amaima naye, aliyense ndi jekete lolembedwa kumsana zilembo zikuluzikulu: MKAZI WAKE, MWANA WAKE, MKAMWINI. Anthu amawerenga misana imeneyi. Wopikisana ndi Harim, bambo Gwak, amene anali atakhala pampandowo maulendo anayi, anali ndi mkazi, ana atatu, akamwini ndi adzukulu, mpanda wathunthu. Harim anali ndi munthu mmodzi.

Kutatsala sabata kuti kuwerama kuyambe, Harim anafika ku kachipinda kaja ndi phukusi n'kuliponya pa tebulo. Malsun analitambasula. Kumsana kwa jeketelo kunalembedwa kuti AMAYI.

"Wosindikizayo walakwitsa."

"Sanalakwitse. Ndinamuuza ndine."

Malsun anatembenuza jeketelo n'kuyamba kusanthula misoko. "Taona ntchito yakeyi. Ulusi ukuchita kulendewera. Amenewa amalandira ndalama osachita manyazi?" Analankhula za ulusi mpaka Harim anaseka n'kutuluka. Atangotuluka, anakoka katani, anavala jeketelo, n'kulozetsa msana kugalasi, khosi atalipotoza ngati nkhuku yoona kabawi. Mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu anaima pamenepo akulira ndi chimwemwe.

Deokja, mnzake wa benchi yoyandikana, wogulitsa kimchi, ndiwo ya kabichi wosasitsa ija, anasuzumira pakatanipo. "Eee, amake Harim! Mwachira liti osatiuza? Ndikuphikireni msuzi wa ndere uja wa oyamwitsa?"

"Choka apa, kabichi wovunda iwe."

"Mimba ya zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri si masewera, amwali. Pumulani."

Chimwemwecho chinagona masiku awiri. Tsiku lachitatu kunafika bambo Pyo, amene chipani chinawatuma kudzayendetsa kampeni, munthu wa mafoni awiri, wosadziwa kukhala pansi. Harim anali kumbuyo kwawo, nkhope ili ndwii.

"Mayi, pepani, koma jeketelo simuvala," anatero Pyo.

"Lalakwa chiyani?"

"M'kaundula munalembedwa chiyani? Lamulo la zisankho silisewera ndi bodza pa nkhani ya banja. Anyamata a bambo Gwak akangojambula msana wanuwo, mawa tili kubwalo la milandu. Mwanayu akhoza kuwina, mpando n'kumulanda chifukwa cha liwu limodzi."

"Bodza lake liti?" anakalipa Harim. "Anandipukuta mamina ndani? Pepala?"

"Woweruza mamina ako sanawaone, mwanawe. Aona pepala."

Malsun anatsitsa jeketelo pa msomali, analipinda bwinobwino, manja m'kati, n'kulipereka. "Bambowa akunena zoona. Ine ndine azakhali ako." Pyo anatulutsa m'chikwama jekete lina limene anali atakonzeratu, lolembedwa AZAKHALI. Munthu wake anali wotero, sankalowa penapake osanyamula yankho.

Anthu a bambo Gwak anali atayamba kale kunong'ona m'nyumba zosambiramo anthu onse ndi mometera tsitsi kuti mtsikanayo ndi wotayidwa, wopanda womulangiza, ngakhale mayi womubala anamuthawa. Ndiye pamene Miran, ataona nkhope ya mwana wake pa wailesi yakanema, anaimba foni ku ofesi ya kampeni, Pyo anangoti laponda lamphawi, abwere adzavale jekete lija. Harim anakana masiku awiri. Kenako anati, "Abwere. Koma ndi za mavoti basi."

Jekete la AMAYI linali losokedwa pa thupi la Malsun, ndipo Miran linamukulira. Telala m'tauni muno si mmodzi, koma Miran anabwera nalo ku kachipinda komwe kaja kumene anasiya mwana.

"Alamu."

Malsun anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga amachitira ndi aliyense. Zaka zonsezi anali atasunga mawu oti adzamuuze, ndipo ankawanola akamasita. Koma pakhomopo panaima mayi wotopa, wa manja ong'aluka ndi sopo, mapewa ake otsika ngati a Harim. Mawu onse aja anathawa.

"Waonda. Vala tione."

Manja a jeketelo anaphimba zala. Malsun anayamba kubaya mapini, m'mapewa, m'nthiti, m'chiuno, liwu lija lili pamphuno pake penipeni.

"Mwamulera bwino, alamu."

"Kweza mkono."

"Ndinkafuna kubwera. Chaka choyamba ndinalibe ngakhale ya basi. Chachiwiri ndinachita manyazi. Kenako…"

"Kenako unapeza mwamuna."

"Ndili ndi anyamata awiri ku Ulsan. Bambo awo sadziwa kuti ndinaberekapo. Apongozi anga akangomva, banja latha. Ndawanamiza kuti ndikudwazika mayi anga aang'ono. M'mawa mwake mwa chisankho ndikwera basi yoyamba."

"Udzabweranso liti?"

Miran anagwetsa maso pa mapini.

"Mwana wamuuza?"

"Musamuuze, alamu, ndagwira mwendo wanu. Ndiloleni ndimuchitireko chinthu chimodzi chokhachi."

Malsun akanatha kumuuza Harim tsiku lomwelo, mwanayo n'kukhalanso wake yekha. Kunena zoona, anafunitsitsa kutero. Koma anaganiza za mtsikana woti aime pamsewu akumwetulira masiku khumi ndi atatu mtima uli zidutswazidutswa, ndipo anatseka pakamwa. Anadzinamizanso kuti mwanayo wanena yekha kuti ndi za mavoti basi. Jeketelo analichepetsa bwino lomwe, misoko yolendewera ija n'kuibwereza yonse, chifukwa ntchito yoipa sinatulukepo m'kachipinda kake, ngakhale ya munthu amene samufuna.

Kuwerama kunayamba. Miran ankaima kumanja kwa Harim, atavala chipewa chachikulu chotchinga nkhope, ndipo wojambula akayandikira ankatembenuka n'kumupatsa msana. Pyo sankadandaula, poti msanawo ndi umene ankaufuna. Malsun ankaima kumapeto kwa mzere, pafupi ndi mtengo wa magetsi. Zaka makumi asanu za pa makina zinali zitamupinda kale, moti Deokja ankati mnzakeyo ndiye yekha wosafunika kuwerama, angoima basi. Madzulo msana unkamuwawa mpaka kulephera kuvula sokosi.

Masiku oyamba Harim ankalankhula ndi Miran kudzera mwa Pyo, ngati anthu okhala maiko awiri. Tsiku lachinayi kunagwa mvula, ndipo Miran anamufunditsa ambulera, iye mwini akunyowa. Lachisanu ndi chimodzi, ali pa chakudya chamasana, awiriwo anapezeka akutola anyezi mumsuzi n'kumaunjika m'mbali mwa mbale chimodzimodzi. Anayang'anana, n'kuseka, ndipo kasekedwe kake kanali kamodzi. Malsun anali atalimbana ndi mwanayo pa nkhani ya anyezi kuyambira ali wamng'ono, osadziwa kuti akulimbana ndi magazi.

Tsiku lachisanu ndi chitatu, njinga yamoto inakhota mothamanga pafupi ndi pamene Miran anaima. "Amayi, samalani!" anakuwa Harim, n'kumukoka mkono. Liwulo linatuluka losavuta, ngati lakhala likudikira kuseri kwa mano. Ndipo mkonowo sanausiye msanga. Malsun anaweramira lole ya simenti imene inkadutsa, n'kukhalabe chiweramire lole itapita kale.

"Mwana wa mwini ndi gaga, mnzanga, saundika," anatero Deokja madzulo ake, akumupaka mankhwala kumsana. Ulendo uno sankaseka.

"Tseka pakamwa. Akusangalala. Sukuona?"

"Nanga iwe?"

"Paka m'munsimo."

Kunyumba Harim anayamba kudya kwambiri ndi kulankhula kwambiri. Amayi akuti tsitsi ndizilimanga chonchi. Amayi akuti ndili wakhanda ndinkagona pokhapokha andiimbire. "Azakhali, ndikawina tichite lendi nyumba ya zipinda zitatu. Inu chanu, ine changa, amayi chawo. Simudzakangana, eti?" Malsun anatsegula pakamwa, chilungamo chili pa lilime. Anaona nkhope ya mwanayo ikuwala mmene sinawalirepo chiyambire, ndipo anachita mantha. "Idya, mpunga ukuzizira," anatero.

Mavoti anawerengedwa mpaka kunja kunacha. Harim anaposa bambo Gwak ndi mavoti osakwana mazana anayi. M'mawa ofesi ya kampeni inadzaza mpaka pa masitepe: agogo a kumapiri aja, amayi a mumsika, ngakhale anthu amene sabata yapitayo ankaweramira mbali inayo. Nkhata za maluwa zinabwera ziwiri monga mwa mwambo, ina ya wopambana, ina ya mkazi kapena mwamuna wake, ndipo ngati ali wosakwatiwa, ya kholo lake. Yoyamba anamuveka Harim m'khosi. Yachiwiri anaigwira m'manja, maso ali kukhomo.

"Dikirani pang'ono, amayi akubwera. Mwina agonereza."

Malsun anaima pambali pake, pafupi moti fungo la maluwawo linkamufika. Ankadziwa kuti basi yoyamba inanyamuka kalekale. Harim anaimba foni, anaimbanso. Ojambula anayamba kuyang'ana mawotchi.

"Avekeni azakhali anuwa, tijambule," anatero Pyo.

Malsun anawongola msana mmene akanathera. Manyazi ake, koma anauwongola. Harim sanamve n'komwe. Anaika nkhatayo pa tebulo, pakati pa makapu a pepala, n'kutsika masitepe akuthamanga, ulendo wa kunyumba ya alendo kumene Miran ankagona. Anakapeza bedi loyalidwa bwino ndi jekete lopindidwa pamwamba pake. Chithunzi chimene chinatuluka m'nyuzi ndi cha phungu wamng'ono atavala maluwa, maso ofiira, ndipo analemba kuti analira ndi chimwemwe.

Mwezi wotsatira unali wa ntchito. Harim ankayenda m'midzi kuthokoza anthu, ankawerenga mapepala okhuthala ngati njerwa, ndipo madala amene ankamutcha kamwana anayamba kumuvulira zipewa. Za Miran sanatchulenso. Anyezi ankangowameza. Malsun anaganiza kuti chilondacho chikupola, ndipo penapake mumtima mwake, Mulungu amukhululukire, anasangalala kuti mwana wabwerera.

Kutatsala tsiku limodzi kuti nyumba ya malamulo itsegulidwe, Harim anabwera masana ndi suti yakuda imene anagula yekha, thalauza lake lalitali ngati la munthu wina. Malsun anamukweza pa kampando n'kugwada pa mapazi ake, mapini ali m'kamwa.

"Nambala ya amayi ija inasiya kugwira," anatero Harim, akuyang'ana kukhoma.

Malsun anapinda nsalu.

"Ndinkati ndikawina akhala. Ndinkati akaona kuti ndakhala munthu, anthu akundiombera m'manja, aona kuti analakwitsa kundisiya. Anthu onsewa andisankha, azakhali. Iwo okha ndiye ayi."

Malsun anachotsa mapini awiri kuti athe kulankhula. "Amakukonda. Moyo ndi umene unawamanga manja." Anadabwa yekha kumva pakamwa pake pakuikira kumbuyo Miran, koma china choti apatse mwanayo analibe.

Apo Harim analira. Sanalire ngati phungu ayi. Analira mokweza, kukamwa kuli yasa, mapewa akugwedezeka, ataima pa kampando m'suti yomukulira, moti Deokja anabwera n'kukoka katani kuti anthu a mumsika asaone. Malsun anamugwira akakolo onse awiri kuti asagwe. Anamvetsa pamenepo kuti dzenje limene ankaganiza kuti analikwirira kalekale ndi mpunga, ndi madiresi, ndi kuchezera pa matenda, linali likadali chomwecho, ndipo silinali loti iye angalikwirire.

Kulira kutachepa, Harim anayang'ana pansi, n'kuika dzanja pa imvi za azakhali akewo mwachikondi.

"Azakhali, mukanakhala inuyo amayi anga, mukanandisiya?"

Mwanayo sanafune kupweteka munthu. Ankafunsa ndi mtima wonse, ndipo n'chifukwa chake zinawawa koposa. Malsun anachotsa mapini otsalawo m'kamwa, imodzi imodzi, n'kuwabaya pa kansalu ka pamkono pake.

"Ayi," anatero. "Sindikanakusiya."

"Ndimadziwa," anatero Harim, akupukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ndikanakhala ndi mwayi."

Malsun anagwedeza mutu kuvomereza, n'kubwerera ku mwendo wa thalauza uja. Nsaluyo sankaionanso bwino, ndiye anaiyeza ndi zala.